Zikwatu Makumi Atatu

Kope loyamba limene ndinkalembamo za masiku anga ndikadali nalo. Chikuto chake chinasuluka, ndipo mapepala ena m'kati mwake ndi osokedwa pamodzi ndi ulusi wakuda. Ndinasoka ndekha ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kwathu ku Sanjala, m'masiku amene Lichinga inkatchedwa Vila Cabral.

Ababa anali kalaliki ku ofesi ya zaulimi. Anali ndi pepala la asimiladu, lija linkachititsa munthu wakuda kuwerengedwa ngati Mpwitikizi, ndipo chifukwa cha pepalalo ine ndinaloledwa kulowa sikola ya m'tauni pamodzi ndi ana a azungu ndi a eni masitolo. Ana akuda m'kalasi mwathu tinalimo atatu. Ine ndinkakhala pa benchi yomaliza, phewa litatsamira khoma. Zolemba ndinkakhoza, koma akangondiloza kuti ndiyankhe, Chipwitikizi chonse chinkathawira m'mimba. Ndinkaimirira, n'kuyang'ana zala za kumapazi mpaka atandiuza kuti ndikhale. Zimene ndalephera kunena kusikola ndinkakazilemba m'kope, m'Chinyanja, nditakhala kuseri kwa nkhokwe.

Chaka cha kwarta, kalasi yomaliza ya pulayimale, kunabwera mphunzitsi watsopano, mkazi wa mzungu wina wa ku positi. Tinkawaitana kuti Sinyora Purufesora. Anali owonda, ndipo kuzizira kwa kwathu kunawapatsa chifuwa chosatha. Tsiku lina anatiuza kuti kwawo anayambapo maphunziro a zamoyo ku yunivesite, biyolojiya, n'kusiyira panjira atakwatiwa. Anati kumeneko munthu amatha zaka zinayi akuphunzira zomera, nyama, tizilombo ndi tinthu ta m'madzi tosaoneka ndi maso, ndipo pamapeto amalandira digiri. Anzanga ankayasamula. Ine tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Kuli sukulu imene ntchito yake ndi kuyang'ana udzu. Ndikufuna kumeneko."

Njira yake inali imodzi yokha, mayeso olowera ku liseu, sekondale ya Apwitikizi, amene ankalembedwa kutali ku Nampula. Mwana sankangodzipitira. Mphunzitsi ndiye ankatumiza maina a ana amene wawaona kuti ayenera. Panalinso malire a msinkhu, ndipo chaka chotsatira ine ndikanakhala nditapyola. Dzina langa likanatsala, chondidikira chinali kalasi yosoka kwa asisitere, kenako banja. A Purufesora sanandibisire.

"Menina, mtsikana iwe, mapepala ako ndi abwino. Koma kumeneko amafunsanso pakamwa. Sindingatumize mwana amene sindinamvepo mawu ake."

Pasaka atangodutsa, mvula ikupita kumapeto, anabwera ndi chikwama chachikulu chomanga ndi zingwe. Anati ndi erbariyo yawo ya ku yunivesite, kutanthauza zomera zouma zosungidwa kuti anthu aziphunzirirapo. Atachitsegula pa tebulo, ana onse anathamangira kutsogolo n'kuunjikana. Ine ndinaimirira pa benchi yanga, ndikuona misana yokhayokha. Kudzipanikiza pakati pa ana a azungu sindikanatha. Ndinangomva lamulo: aliyense wofuna mayeso a liseu abweretse zomera makumi atatu zosiyana, zouma bwino, chilichonse ndi dzina lake, pakatha masabata atatu. Anafunsa ngati pali wina ali ndi funso. Ine ndinali nalo, la kaumitsidwe kake, ndipo linakwera mpaka pakhosi. Belu linalira lisanatuluke.

Amayi sanapondeko kusikola, koma pa Sanjala ponse ankadziwika ndi mfutso. Inali nyengo yake yeniyeni. Pabwalo pathu panali mphasa zitatu, ya khwanya, ya chitambe ndi ya mnkhwani, ndipo ntchito yanga ndikaweruka inali kuingitsa nkhuku. Nditawafotokozera za zomera zouma anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Ndiye azunguwa awoloka nyanja yonseyo kudzakuphunzitsani kufutsa? Bwera nazo kuno, mwanawe. Ukawapambana onse."

Ndinali ndisanawaonepo atakondwa choncho ndi za sikola yanga. Masamu ndi Chipwitikizi ankangoziyang'anira patali ngati katundu wa eni ake. Iyi inali ntchito yoyamba ya m'kalasi imene akanatha kuigwira ndi manja awo, ndipo ine ndinasangalala nawo, n'kuiwala kuti chitsanzo sindinachione.

Ndinkathyola pobwerera kunyumba, ndipo Loweruka ndinkatsikira ku dambo la ku Assumane. Chisoso, bonongwe, luni, denje, chewe, khovani, mwamunaaligone, zumba, nthula, nsatsi, chanzi. Ndisanathyole ndinkayamba ndakhala pansi n'kulemba m'kope. Palibe anandituma, chinali chizolowezi chabe cholemba chilichonse chimene ndaona. Ndinkalemba pamene chomeracho chamera, kaya pa chulu kaya m'mphepete mwa madzi, mtundu wa duwa lake, masamba ngati akhala awiriawiri moyang'anana kapena mosinthana, ndi tizilombo timene ndapezapo. Zina ndinkazijambula, ngakhale luso la kujambula ndinalibe.

Amayi ankafutsa mwa dongosolo lawo. Ankasadzula, n'kutaya mapesi ndi maluwa chifukwa zimachedwetsa kuuma. Zodyedwa ankaziviika m'madzi owira a kamchere. Zosadyedwa, monga nthula ndi nsatsi, ankaziwiritsira m'chitini chakale kuseri kwa nyumba kuti zisakhudze mphika wa ndiwo. Ababa anafunsapo kamodzi ngati kuwiritsako kuli kofunikadi. Anayankhidwa kuti tsamba losafutsa limadyedwa ndi tizilombo mwezi usanathe, ndipo iwo asamale za mapepala awo a ku ofesi. Zikauma, Amayi ankakulunga chilichonse m'masamba a msuku, kachikwatu kakang'ono ngati nkhonya ya khanda, n'kumanga ndi luzi. Ine ndinkapachikapo kapepala ka dzina, kolembedwa mosamala ndi inki. Zikwatu makumi atatu zinadzaza dengu. M'mawa wa tsiku lopereka anandisenzetsa okha, n'kundiperekeza mpaka pa mitengo ya paini, pamene tauni ya azungu inkayambira.

Nditalowa m'kalasi ndinaona zimene anzanga aika pa tebulo. Anali mapepala aakulu oyera, ndipo pa lililonse panagona chomera chathunthu chophwatalala, muzu, tsinde, masamba otambasuka, duwa likuonekabe mtundu wake. Ena anabweretsa khumi okha, ena anamata mosasamala, koma onse anali ataona chitsanzo. Kubwerera sindikanatha. Dengu linali pamutu ndipo maso onse anali pa dengulo.

Mtsikana wina, mwana wa mwini sitolo ya nsalu, anafunsa mokweza ngati ndabweretsera kalasi yonse chakudya. Mnzake anati ayi, ndi mankhwala a sing'anga, asandiyandikire. A Purufesora anamenya tebulo ndi rula, n'kumasula kachikwatu kamodzi. Munali chisoso, chakuda, chofota, chonunkhira bwino ndithu. Anachinunkhiza, n'kuwerenga kapepala.

"Waphika?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Duwa lili kuti? Tsinde lili kuti? Ndidziwa bwanji mmene masambawa anakhalira chomeracho chili moyo?"

Yankho lonse ndinali nalo m'thumba la diresi, m'kope: duwa lachikasu pakati ndi loyera m'mbali, masamba awiriawiri moyang'anana, tsinde la ngodya zinayi. Koma m'kope lomwelo munalinso zimene ndinalemba za mtsikana wa ku sitolo uja, za chifuwa cha a Purufesora, za tsiku limene Ababa anatukwanidwa ku ofesi ine ndikuona. Ndinayang'ana pansi.

Ana atatuluka anandiuza kuti nditsale. Anatsegula chikwama chija patsogolo panga, ndipo ndinaona koyamba zomera za kwawo, zopyapyala ngati phiko la chiwala, zina zitabooledwabooledwa ndi tizilombo monga Amayi ananenera. Anandisonyeza kachitidwe kake. Chomera chimagonekedwa pakati pa mapepala a nyuzi, pansi thabwa, pamwamba thabwa, kenako chinthu cholemera, ndipo mapepalawo amasinthidwa tsiku ndi tsiku mpaka madzi onse atatha. Anati maina apita ndi galimoto ya makalata pakatha masiku khumi ndi awiri, ndipo ngati ndikufuna ndiyambirenso. Kenako anandifunsa chifukwa chake sindinafunse tsiku lija. Sindinayankhe. Anausa moyo, n'kunena kuti vuto langa ndi lomwelo.

Dengu ndinakalibisa m'nkhokwe, Amayi n'kuwauza kuti a Purufesora akuonabe. Bodzalo linakhala tsiku limodzi lokha. Mnansi wathu, mayi wa Chiyao amene ankagulitsa usipa wouma pamsika, anali atamva kale nkhaniyo kwa wantchito wa ku sitolo ya nsalu, ndipo anabwera kudzapepesa ngati wabwera pamaliro. Amayi anamvetsera, anathokoza, anamuperekeza. Pobwerako analunjika ku nkhokwe, kutulutsa dengu, n'kukhala pakhonde akumasula zikwatu chimodzichimodzi. Zodyedwa ankaika m'lichero, zinazo ankaunjika pambali zokataya kudzala. Za bodza sananenepo kanthu, ndipo ine ndikanakonda akanandikalipira.

"Anaseka iwe kapena anaseka ine?"

"Anaseka ine, Amayi. Ndine amene sindinafunse."

"Nanga tsopano wafunsa? Akufuna chiyani kwenikweni?"

Ndinafotokoza. Anamvetsera ngati akumva za mwambo wa mtundu wachilendo, ndipo pomaliza anati tsamba losafutsa, m'chinyezi cha kuno, lichita chuku. Atatero anadzuka n'kuitana Ababa kuti awathandize kunyamula mphero yawo, mwala umene sankalola munthu aliyense kuukhalira. Ababa anazula matabwa awiri pa bedi, ndipo mawa lake anabwera ndi mtolo wa nyuzi zakale za ku ofesi. Ndiwo za tsiku limenelo zinali erbariyo yanga yoyamba, yotendera. Ababa anati ngati a Purufesora akanalawa denjeyo akanandipatsa digiri pomwepo, ndipo Amayi anayesa kusaseka koma analephera.

Chovuta chinali chakuti nyengo inali itasuntha. Mvula inali itasiya, mwera utayamba kuomba, ndipo maluwa ambiri anali atasanduka njere. Luni la kuseri kwa khola la mbuzi, limene ndinathyolako masabata atatu m'mbuyomo, ndinalipeza litauma. Apa kope linandithandiza. Popeza ndinali nditalemba pamene chilichonse chinamera, ndinkadziwa kuti khovani wa pansi pa ulalo ali pamthunzi ndipo achedwa kufota, ndiponso kuti zumba wa pa chulu ndisadzivute naye, ndikafune wa m'khwawa. Ndinkapita ku dambo m'mamawa sikola isanayambe, nsapato zili m'manja, mame akuluma zala. Ndinkakumba ndi chipande cha khasu kuti muzu usaduke.

Ku damboko ndinayambanso chinthu china chimene sindinauze munthu. Ndikazula chomera ndinkachiimika patsogolo panga n'kuchifotokoza mokweza m'Chipwitikizi, ngati ndikuyankha m'kalasi. Tsiku loyamba mawu anatuluka ngati a udzudzu. Tsiku lachitatu amayi awiri amene ankachapa kumunsi anatukula mitu, wina n'kufunsa ngati mwana wa akalaliki wayamba kulalikira achule. Ndinachita manyazi, koma ndinamaliza chiganizo changa.

M'masiku omwewo kunagwa chifunga chija cha kwathu chosachoka mpaka masana, ndipo nyuzi zonyowa sizinkauma pachingwe. Tsiku lachisanu titatukula mphero tinapeza khovani, chewe ndi kakombo zitamera ubweya woyera. Chinali chuku. Ndinalira pang'ono, kenako ndinalemba m'kope kuti zomera za thupi lamadzi zimafuna kusinthidwa mapepala kawiri pa tsiku. Amayi sananene kuti ndinakuuza. Anakoleza makala m'simbi yositira malaya a Ababa n'kuyamba kusita nyuzi, pepala ndi pepala, kuti ndiziika zouma ndi zofunda. Masiku onse otsala ankasita nyuzi m'mawa ndi madzulo, ndipo zopera zawo ankakaperera kwa eni. Mnansi wa usipa uja anaima pa mpanda n'kufunsa ngati nkhani za m'nyuzi zimamveka bwino zikasitidwa. Amayi anati zimawongoka.

Litatsala tsiku limodzi ndinali ndi zomera makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Zitatu zija zinali zitaola, ndipo zina zatsopano sizikanauma. Ababa anati ndigawe chomera chimodzi pawiri n'kuchipatsa maina awiri, chifukwa mzungu angadziwe bwanji udzu wa ku Assumane. Ndinakana. Koma ndinkadziwa kuti zoperewerazo ndiyenera kukazifotokoza ndi pakamwa panga, ndipo umboni wake unali m'kope. Ndinapempha singano ndi ulusi. Mapepala onse a zamumtima ndinawasoka m'mphepete, awiriawiri, atatuatatu, n'kusiya otseguka a zomera okha. Amayi ankandiyang'ana. Kuwerenga sankadziwa, ndipo sanafunse kuti ndikubisa chiyani. Anangoti ndifupikitse misoko, chifukwa yotalikirana munthu amasuzumirapo.

Mawa lake ndinanyamula mapepala anga pakati pa matabwa a bedi aja, atamangidwa ndi luzi. A Purufesora anawatembenuza limodzilimodzi kalasi yonse ikuona, akuwerenga chapansipansi. Atafika kumapeto anabwereza.

"Vinti seti, makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndinati makumi atatu."

Ndinaimirira, ndipo m'malo moyang'ana pansi ndinayang'ana chisoso chimene chinali pa pepala lapamwamba, ngati ndili ku dambo. Ndinati zitatu zinachita chuku, khovani, chewe ndi kakombo, chifukwa thupi lake ndi lamadzi ndipo ine ndinachedwa kusintha mapepala. Ndinati ndinazijambula zisanaole, ndipo zili umu. Ndinayenda kuchoka pa benchi yomaliza mpaka kutsogolo n'kuika kope pa tebulo. Mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina, aang'ono, koma anali atafika.

Anatsegula. Chinyanja sankachidziwa, choncho ankaloza chithunzi n'kufunsa. Ichi chinamera pati. Tizilomboti tinkadya tsamba kapena duwa. Maluwa a khovani amatseguka nthawi yanji. Ndinati amatseguka m'mawa, ndipo dzuwa likafika pamutu amakhala atafota. Anafunsa kuti anandiuza ndani. Ndinati palibe, ndinakhala pomwepo n'kudikira. M'mphindi zochepazo ndinayankha mafunso ambiri kuposa a chaka chonse. Chala chawo chitafika pa mapepala osokedwa chinaima. Anayang'ana ulusi, anayang'ana ine, n'kudumpha kupita pamene panali potseguka.

Kenako anatulutsa m'thumba kagalasi kokulitsa zinthu, kamene ankati lupa, n'kundipatsa kuti ndiyang'ane duwa la chisoso. Chisoso ndinali nditachidya moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti chimene timati duwa limodzi ndi timaluwa tambiri tothithikana, kalikonse ndi kakamwa kake. Ndinayamba kutiwerenga mokweza, nditaiwala kuti kumbuyo kwanga kuli kalasi. Ndili pakati ndinamva cholembera chikukanda pepala. Nditatukula mutu ndinaona mndandanda wopita ku Nampula. Maina anali anayi, langa lachinayi, inki isanaume.

Mayesowo ndinakhoza, a pakamwa omwe. Koma msewu wa ku yunivesite unatalika kuposa mmene mwana wa pa benchi yomaliza ankaganizira. Panadutsa uphunzitsi, nkhondo, banja, ana, maliro a Ababa, kenako a Amayi. A Purufesora anabwerera kwawo ndipo sindinamvenso za iwo. Ndinalowa chaka choyamba cha biyolojiya imvi zitayamba, anzanga a m'kalasi akundiitana kuti titiya, kutanthauza azakhali. Kemisitiri inandigwetsa kamodzi, ndinabwereza. Maina a Chilatini ndinkawaloweza m'basi, milomo ikugwedera, ndipo digiri ya zaka zinayi ndinaitenga m'zaka zisanu.

Pa phunziro la zomera, sabata yachiwiri, mphunzitsi anati aliyense apange erbariyo ya zomera makumi asanu, n'kutsegula chitsanzo pa tebulo. Ophunzira anaunjikana. Ndinadzuka, ndinapempha njira pakati pa anyamata ataliatali, zikomo, zikomo, mpaka mimba yanga inakhudza tebulo. Atafunsa ngati pali funso ndinakweza dzanja, n'kufunsa kuti amaziteteza bwanji kuti tizilombo tisaziboole. Anafotokoza za mankhwala amene amapaka. Ndinalemba yankho lake m'kope, ndipo pansi pake ndinawonjezera njira ya Amayi, ya madzi owira ndi kamchere, ngakhale ndinkadziwa kuti pa mayeso sadzaifunsa.